Sukulu yaulere si mphatso ya andale

Mu 1994, patangopita miyezi yowerengeka Amalawi atasankha boma loyamba la matipate, fizi ya ku pulayimale idathetsedwa. M'chaka chimodzi chokha chiwerengero cha ophunzira chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ena adali tiana ta zaka zisanu ndi chimodzi, ena adali anyamata ndi atsikana osinkhukirapo amene adakhala akuweta mbuzi ndi kulera azing'ono awo chifukwa makolo adalephera kupeza makwacha ochepa a fizi. Uganda idatsatira mu 1997, Zambia mu 2002, Kenya mu 2003. Pankhani iyi tidatsogola, ndipo ndinene mosapsatira mawu: boma la a Bakili Muluzi lidachita bwino. Amene amanena kuti zikadakhala bwino ana a anthu osauka akadatsala kunyumba kuti makalasi asadzaze, sadziwa ululu wa mwana amene akubwezedwa pakhomo la kalasi anzake akulowa.

Koma chilipo chimene chidapotoka pachiyambi pomwepo, ndipo tikuvutika nacho mpaka lero. Sukulu yaulere idabwera ngati mphatso yochokera kwa mtsogoleri wachifundo, ife n'kuilandira ndi manja awiri, amayi akuimba nthungululu. Tsono munthu wolandira mphatso safunsa kuti bwanji yachepa, kapena bwanji yafika yong'ambika. Amangothokoza. Kuyambira nthawi imeneyo boma lililonse lakhala likuona maphunziro ngati katundu wogawa pansanja ya msonkhano wa ndale, ndipo ife eni ana tazolowera kuomba m'manja m'malo mofunsa. Chikhalirecho maphunziro ndi ngongole imene boma lili nayo kwa mwana aliyense wobadwa m'dziko muno, ndipo ndalama zobwezera ngongoleyo ndi misonkho yathu yomwe. Demokalase yathu ikutsimphina chifukwa mfundo imeneyi tidaitaya.

Tikumbuke kumene tidachokera. M'zaka makumi atatu za ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, ntchito ya sukulu idali yodziwika: kuumba munthu womvera. Mwana aliyense ankaloweza nsanamira zinayi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Apayoniya ankatumizidwa m'sukulu kukaphunzitsa masewero olimbitsa thupi ndi mwambo wa chipani, ndipo mtsogoleri akamabwera ana ankasiya maphunziro n'kukandanda m'mbali mwa msewu. Malo a ku sekondale adali ochepa kwambiri, moti ana anzeru ankabwereza Sitandade 8 kawiri kapena katatu, ena mpaka kusintha maina kuti alembenso mayeso. Zili choncho, mu 1981 ku Mtunthama m'boma la Kasungu kudatsegulidwa Kamuzu Academy, kumene ana ochepa osankhika ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki kwa aphunzitsi ochokera kunja. Dziko lidali ndi ndalama zomangira sukulu imodzi ya mafumu, pamene mwana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa ankabwezedwa chifukwa cha fizi.

Sukulu yomweyo inkagwiritsidwanso ntchito pogawanitsa anthu ndi powaopseza. Mu 1968 Chitumbuka chidachotsedwa pawailesi ndi m'kalasi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kudabwera ndondomeko ya kota, yosankhira ophunzira a ku yunivesite potengera boma limene munthu akuchokera. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto adalamulidwa kuti abwerere kwawo, ati chifukwa ankaphunzitsa mwadala mosalongosoka ana a zigawo zina. Mabanja adasamutsidwa, sukulu zambiri zapakati ndi kummwera zidatsala zopanda aphunzitsi. Mu 1987 Jack Mapanje, mkulu wa gawo la Chingerezi ku Chancellor College, adatengedwa n'kukatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu mpaka 1991. Phunziro kwa mphunzitsi ndi wophunzira aliyense lidali lomveka: khala chete, ukhale ndi moyo.

N'chifukwa chake kalata ya maepiskopi a Chikatolika imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 sidalankhule za ndende ndi mantha zokha. Idadandaulanso za kuchuluka kwa anthu osadziwa kulemba ndi kuwerenga, kudzaza kwa makalasi, kusowa kwa aphunzitsi ndi zipangizo, ndi tsankho pa mwayi wa maphunziro. Ophunzira a ku Chancellor College adali m'gulu la anthu oyamba kutuluka m'misewu kuikira kumbuyo kalatayo. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, anthu oposa 60 mwa 100 aliwonse adasankha nyali ya matipate n'kukana tambala wakuda wa chipani chimodzi. Malamulo atsopano oyendetsera dziko adanena mosabisa m'gawo 25 kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro, ndipo gawo 13 lidapatsa boma udindo wothetsa umbuli ndi kuonetsetsa kuti pulayimale ikhale yaulere ndi yokakamiza. Papepala zonse zidali m'malo mwake. Koma lamulo lenileni loyendetsera maphunziro lidakhalabe lija la 1962, la nthawi ya atsamunda, mpaka 2013. Kwa zaka 19 demokalase inkayendetsa sukulu zake ndi lamulo lolembedwa dziko lisadalandire ufulu, ndipo aphungu sadaone chifukwa chofulumirira.

Walira mvula walira matope. Amene adalonjeza sukulu yaulere pakampeni amayenera kudziwa kuti ana miliyoni imodzi atsopano afuna makalasi, mabuku, zimbudzi ndi aphunzitsi. Kukonzekera kudali kochepa kwambiri. Boma lidalemba mwachangu aphunzitsi pafupifupi 20,000, ambiri mwa iwo achinyamata ongomaliza kumene sekondale, ena a satifiketi ya JCE yokha, n'kuwaphunzitsa kwa masabata owerengeka basi, kenaka n'kuwapatsa choko. Ndondomeko ya MIITEP, yowasula ali kale pantchito, idayamba patapita zaka. Anthu amenewa sindikuwanyoza ayi. Ambiri adagwira ntchito ndi mtima wonse, akuphunzitsa ana zana limodzi pansi pa mtengo wa mango, mvula ikagwa sukulu n'kuweruka. Wolakwa ndi amene adawaponya pamenepo opanda zida, iye n'kumakolola mayamiko pamsonkhano.

Ndalama zochepa zimene zidalipo nazonso zidapeza eni ake. Nkhani yoyamba yaikulu ya katangale m'Malawi wa matipate idali ya makope a ana asukulu, ogulidwa ku kampani ya Fieldyork ya ku Britain, ndipo mu 2008 khoti lidapeza a Sam Mpasu, amene adali nduna ya zamaphunziro nthawiyo, olakwa pa mlandu wogwiritsa ntchito udindo molakwika. Mu 2000 kudaphulika nkhani ya K187 miliyoni ku unduna womwewo, ndalama zolipidwa kwa makontirakitala pa midadada ya makalasi imene ina sidamalizidwe, ina sidamangidwe n'komwe. Taganizirani bwino: anthu amene adatiuza kuti abweretsa kuwala adayambira kudya pa kope la mwana wa Sitandade 1. Ndipo ife, popeza tidali titalandira mphatso, tidachita manyazi kufunsa kuti makalasi athu ali kuti.

Ana aja atafika Sitandade 8, sekondale zowalandira padalibe. Yankho lidali kusintha chikwangwani. Mu 1998 malo a maphunziro a MCDE adasandutsidwa ma CDSS, sekondale zoyendera za m'madera. Ambiri mwa malowa adalibe labotale, adalibe laibulale, ndipo aphunzitsi ake ambiri adangotengedwa ku pulayimale, kumene kudali kale kusowa. Lero ophunzira ambiri a sekondale za boma ali m'ma CDSS. Amalemba mayeso a MSCE amodzimodzi ndi anzawo a m'sukulu zogonera za boma ndi za mishoni, mayeso a sayansi amene amafuna kuti mwana adagwirapo zipangizo zoyesera, pamene iye adangoziona zojambulidwa pabolodi. Zotsatira zikatuluka timadabwa, n'kumati ana a masiku ano ndi aulesi.

Zotsatira za zonsezi si nkhambakamwa. Pa kafukufuku wa SACMEQ, amene amayesa ana a Sitandade 6 m'mayiko a kummwera ndi kum'mawa kwa Africa, Malawi adali kumapeto kwenikweni pa kuwerenga mu 2000, ndipo mu 2007 adapezekanso komweko. Kafukufuku wa kawerengedwe ka ana a makalasi oyambirira mu 2010 adapeza kuti ana ambiri a Sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi m'kankhani ka Chichewa. Ana amalowa Sitandade 1 ali chinamtindi, koma pofika Sitandade 8 ambiri amakhala atasiyira panjira: njala, mtunda, mimba, ukwati, ganyu, ndiponso kutopa ndi kukhala pansi m'kalasi lodzaza osamva kanthu. Ndipo ulere weniweniwo uli kuti? Funsani kholo lililonse kumudzi za ndalama ya chitukuko, ya mlonda, ya mayeso, ya lipoti. Mwana amene sadalipire amabwezedwabe, kungoti dzina la ndalamayo si fizi.

Amene ali ndi kangachepe adaona msanga kumene zinthu zikulowera, ndipo adachotsa ana awo. Sukulu zapulaiveti zidamera paliponse, zabwino ndi zachabechabe zomwe. Apa ndi pamene pagona nkhani. Anthu amene amakonza bajeti ya maphunziro, amene amasankha chilankhulo chophunzitsira, amene amalamula kuti mayeso awa athe kapena abwerere, ana awo saphunzira m'sukulu zimene iwo akuziyendetsazo. Denga likasasuka ku sukulu ya kumudzi, amene sagona tulo ndi makolo a kumeneko, bwana ku Capital Hill ali phee. Tamanga mitundu iwiri ya Amalawi m'dziko limodzi: ochepa amene akukonzedwa kuti adzalamule, ndi unyinji umene ukukonzedwa kuti udzavine ndi kuvota.

Wina afunsa kuti kodi izi zikukhudzana bwanji ndi demokalase, popeza ngakhale wosaphunzira amavota. Inde amavota, ndipo voti yake ndi yolemera chimodzimodzi ndi ya pulofesa. Agogo athu amene adasankha nyali mu 1993 ambiri sankadziwa kulemba dzina lawo, koma ankadziwa bwino lomwe chimene akukana. Nzeru sizichokera m'kalasi mokha. Koma demokalase siyithera pa tsiku loponya voti. Pakati pa chisankho china ndi chinzake pali zaka zisanu za mabajeti, malipoti a mkulu wolondoloza ndalama za boma, zikalata za malo, mindandanda ya olandira fetereza, makontirakiti a misewu ndi milatho. Zonsezi n'zolembedwa. Amene satha kuwerenga amadalira kuti wina amuuze zimene zalembedwazo, ndipo kawirikawiri womuuzayo ndi yemwe wadya ndalamayo. Lamulo la zipani za ndale la 2018 lidaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pokopa mavoti, koma mchitidwewu ukupitirira chifukwa munthu amene alibe njira yolondolera mabiliyoni a boma amaona kuti nsalu ndi K2,000 ya lero ndiye gawo lake lokhalo. Umbuli wa anthu ndi chuma kwa wandale wachinyengo, ndipo sadzauthetsa mwa kufuna kwake.

Onjezanipo nkhani ya chilankhulo. Gawo 51 la malamulo oyendetsera dziko limafuna kuti phungu azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kuti atenge nawo mbali m'zokambirana za Nyumba ya Malamulo. Mwana amene walephera Chingerezi pa MSCE salandira satifiketi, ngakhale atakhoza bwino masamu ndi sayansi. Choncho Chingerezi ndicho chipata cholowera ku ntchito, ku yunivesite ndi ku ulamuliro, koma sukulu ya boma imalephera kuchiphunzitsa bwino kwa ana ambiri. Malamulo okhudza munda wa mlimi amakambidwa m'chilankhulo chimene mlimiyo samva, ndipo aphungu ena amene amalankhula mogwira mtima pamaliro ndi pamsonkhano amangokhala duu m'Nyumbamo kuopa kusekedwa. Kodi umenewu ndiwo ulamuliro wa anthu umene tidaufuna?

Mfundo ya boma pa chilankhulo chophunzitsira nayo yakhala ikungotembenuzika. Mu 1996 unduna udalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo, koma mabuku a Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitonga ndi Kyangonde okwanira ntchitoyo sadasindikizidwe, ndipo aphunzitsi sadakonzekeretsedwe. Lamulo la 2013 lidatembenukira mbali ina n'kunena kuti chilankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi. Mphunzitsi amene ali ndi ana zana a zaka zisanu ndi chimodzi, amene sadamvepo Chingerezi kunyumba, amachita chimene angathe: amaphunzitsa m'chilankhulo chimene ana akumva, lamulo lili apo. Akatswiri a maphunziro akhala akunena kwa zaka zambiri kuti mwana amaphunzira kuwerenga msanga m'chilankhulo chimene amalankhula, ndipo akatero chilankhulo chachiwiri chimalowa mosavuta. Ife tasiya mwana pakati, Chichewa osachidziwa kulemba, Chingerezi osachidziwa kulankhula.

Ngati mukufuna umboni woti mfundo za maphunziro zimapangidwa ndi diso lili pa bokosi la voti, onani nkhani ya JCE ndi kota. Mu 2015 boma lidalengeza kuti mayeso a JCE atha, ati ndi ongowononga ndalama. Kota, imene khoti lidaikana mu 1993, idabwezeretsedwa ndi boma la a Bingu wa Mutharika mu 2009, ndipo kwa zaka khumi madandaulo a anthu, makamaka akumpoto, sadamveke. Ndiye mu Febuluwale 2020, patangopita masabata ochepa khoti litafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 n'kulamula kuti chichitikenso, boma lomwe lija lidathetsa JCE lidalengeza kuti kota yatha ndipo JCE ibwerera. N'chiyani chidasintha m'kalasi m'masabata amenewo? Palibe. Chidasintha ndi chakuti kudali kubwera chisankho. Kaya kota mumaikonda kapena mumadana nayo, kaya JCE mumaiona yofunika kapena ayi, muyenera kuda nkhawa kuti tsogolo la ana likusinthidwa ngati chovala cha pakampeni. Ndipo muzu wa mkangano wa kota, umene ndi kuchepa kwa malo ndi kusiyana kwa sukulu za m'maboma, sudakhudzidwe.

Mayunivesite nawo asanduka zikumbutso za atsogoleri. MUST idamangidwa ku Ndata m'boma la Thyolo, pamunda wa pulezidenti wa nthawiyo. Mwala wa maziko a yunivesite ya Mombera ku Mzimba udaikidwa mu 2015, dzina lidasinthidwa pambuyo pake, koma zaka khumi zidadutsa popanda wophunzira ndi mmodzi yemwe kulowa m'kalasi. Mwala wa maziko umaoneka bwino pakanema, umakhala ndi dzina la munthu. Chimbudzi cha atsikana pa sukulu ya pulayimale, chimene chingachititse kuti mtsikana wa Sitandade 7 asajombe masiku angapo mwezi uliwonse, chilibe mwambo wodula riboni, n'chifukwa chake chimaiwalika.

Palinso vuto lina lobisika kuposa ndalama. Tidasintha boma mu 1994, koma kalasi lidatsala m'chipani chimodzi. Mphunzitsi amalankhula, ana amabwereza m'chigulu, amakopera manotsi, amaloweza, amakalavula pamayeso. Mwana wofunsa kuti "chifukwa chiyani" amatchedwa wamwano. Mapulifekiti m'sukulu zambiri amasankhidwa ndi aphunzitsi, ndipo ntchito yawo ndi kulemba maina a olongolola. Ufulu wachibadwidwe umaphunzitsidwa ngati mndandanda woloweza kuti ukhoze Social Studies, pamene ophunzira alibe bwalo lodandaulirapo za chakudya, za chilango kapena za mphunzitsi wofunsira ana. Mapeto ake timawadziwa: madandaulo amasungidwa mumtima mpaka tsiku limene ana aphwanya magalasi ndi kutentha ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Kuwononga kotereku n'koipa ndipo sindikuikira kumbuyo, koma mwana amene sadaphunzitsidwe kutsutsa ndi mawu amatsutsa ndi mwala, ndipo akakula amachita zomwezo m'misewu ya Lilongwe. Makolo athu adati safunsa adadya phula. Ife tikulera ana oopa kufunsa, kenaka n'kumadabwa kuti bwanji amavotera aliyense wowapatsa tisheti.

Mzimu umenewu udaonekera poyera mu Febuluwale 2011, pamene mkulu wa apolisi, a Peter Mukhito, adaitanitsa mphunzitsi wa zandale ku Chancellor College, a Blessings Chinsinga, kukawafunsa za chitsanzo chimene adapereka m'kalasi, choyerekeza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuno ndi zimene zidautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Ndiye kuti m'kalasimo mudali kazitape, zaka 17 chiyambireni demokalase. Aphunzitsi, motsogozedwa ndi a Jessie Kabwila, adakana kulowa m'kalasi mpaka atatsimikiziridwa ufulu wophunzitsa mopanda mantha. Ena adachotsedwa ntchito, ndipo koleji idakhala yosaphunzitsa kwa miyezi yambiri. Adapambana pamapeto pake, ndipo tiyenera kuwathokoza. Koma ngati pulofesa adaitanidwa kupolisi chifukwa cha chitsanzo, mphunzitsi wa pa CDSS amene kusamutsidwa kwake kuli m'manja mwa mabwana angayerekeze kukambirana ndi ana za momwe ndalama za CDF zayendera m'dera lawo?

Ndikudziwa yankho la akuluakulu: dziko ndi losauka, ndipo anthu akuchulukana. N'zoona. Kalembera wa 1998 adapeza anthu pafupifupi 10 miliyoni, wa 2018 adapeza 17.5 miliyoni, ndipo ambiri ndi ana. Namondwe ngati Freddy mu 2023 amagwetsa makalasi, otsalawo n'kusanduka misasa ya anthu othawa madzi. Palibe boma limene lingathetse zonsezi m'zaka zisanu. Koma umphawi sufotokoza chifukwa chimene mabiliyoni adatulukira ku Capital Hill pa Cashgate mu 2013. Sufotokoza chifukwa chimene nthawi zonse pamapezeka ndalama za galimoto zatsopano za mabwana, maulendo akunja ndi maalawansi a misonkhano ya kunyanja. Sufotokoza chifukwa chimene aphunzitsi ali mbwee m'sukulu za m'tauni pamene sukulu ya kumudzi ili ndi aphunzitsi atatu pa makalasi asanu ndi atatu. Dziko losauka ndilo liyenera kusamala kwambiri posankha choyamba kuchita, ndipo zosankha zathu zikuonetsa amene timamuwerengera.

Taonani mmene timachitira ndi mphunzitsi. Boma limaphunzitsa achinyamata m'makoleji a uphunzitsi ndi ndalama za misonkho, kenaka limawasiya pakhomo chaka, zaka ziwiri kapena kuposerapo osawalemba ntchito, pamene makalasi akusefukira. Ena limawatenga ngati aphunzitsi othandizira pa malipiro ochepa. Amene ali pantchito amakhala pa giredi imodzi zaka zambirimbiri, ndipo kuti alandire ndalama zawo za tchuthi kapena zotsalira mpaka bungwe lawo la TUM liopseze sitiraka. Koma pa tsiku la chisankho, mphunzitsi yemweyo ndi amene timamudalira kuti ayang'anire voti, ndipo malo ambiri oponyera voti ndi sukulu za pulayimale. Zaka zisanu zilizonse timaima pamzere pabwalo la sukulu, timaona ndi maso athu mazenera opanda magalasi, pansi pokumbika ndi zimbudzi zogumuka, timalowa m'kalasi lomwelo n'kuchonga munthu amene sadatiuze chilichonse chomveka za sukuluyo.

Komabe chisankho cha 2019 chidationetsa chimene maphunziro angachitire dziko. Mlandu umene udathera pa chigamulo cha oweruza asanu pa 3 Febuluwale 2020 udaima pa mapepala a zotsatira: manambala ofufutidwa ndi Tipp-Ex, mapepala obwereza, masamu osagwirizana. Padafunika anthu odziwa kuwerenga fomu, kuphatikiza manambala ndi kuona pamene pasinthidwa. Anthu miyandamiyanda adatsatira mlanduwo pawailesi chifukwa unkamasuliridwa m'Chichewa, ndipo m'minibasi ndi m'misika anthu ankatsutsana za malamulo ngati maloya. Amalawi akapatsidwa mfundo m'chilankhulo chimene akumva, amaweruza bwino. Tangoganizani dziko limene mudzi uliwonse uli ndi anthu makumi angapo otha kuwerenga lipoti la khonsolo ndi diso lomwe lija.

Tsopano boma limene lidalowa pambuyo pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 lidalengeza kuti kuyambira Januwale 2026 fizi ya ku sekondale za boma yatha. Ndikugwirizana nazo, monga mmene ndikugwirizana ndi zimene zidachitika mu 1994. Mwana wosankhidwa kupita ku Fomu 1 sayenera kutsala pakhomo chifukwa amayi ake ndi amasiye. Koma ulendo uno tisangovina. Tifunse: ndalama zimene sukulu zinkatolera kwa makolo, zogulira choko, kulipira madzi, magetsi ndi alonda, zilowa m'malo ndi zingati pa mwana aliyense, ndipo zizifika liti? Aphunzitsi a masamu ndi sayansi alembedwa angati? Nanga ana ochuluka amene amakhoza PSLCE koma osasankhidwa chifukwa malo palibe, ulere umenewu uwafika bwanji? Kufunsa mafunso amenewa si kudana ndi boma. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Chimene tiyenera kuumirira n'chakuti mfundo zikuluzikulu za maphunziro zichoke pansanja ya msonkhano. Kuthetsa kapena kubwezeretsa mayeso, kusintha chilankhulo chophunzitsira, kusintha kasankhidwe ka ophunzira, kutsegula yunivesite yatsopano, zonsezi zizidutsa m'Nyumba ya Malamulo, mtengo wake utalembedwa poyera, aphunzitsi ndi makolo atafunsidwa. Chaka chilichonse unduna uziuza mtundu, boma ndi boma, kuti mwa ana a Sitandade 4 ndi angati amene akutha kuwerenga ndime n'kuimva, ndipo zimenezi ziziulutsidwa pawailesi m'zilankhulo zathu. Nduna iziyamikiridwa kapena kudzudzulidwa pa nambala imeneyo, osati pa kuchuluka kwa maina m'kaundula. Mwala wina wa maziko usaikidwe aphunzitsi amene adamaliza kale maphunziro awo asadalembedwe ntchito ndi kutumizidwa kumene kuli kusowa, nyumba zawo zilipo. Ndipo ana a makalasi oyambirira aphunzire kuwerenga m'chilankhulo chimene amamva, ndi mabuku okwanira, Chingerezi chikuphunzitsidwa bwino ngati phunziro mpaka atakhwima.

Ifenso makolo tili ndi mbali yathu, ndipo zida zilipo kale. Sukulu iliyonse ili ndi komiti yoyendetsa sukulu ndi PTA. Zambiri zili ndi gulu la amayi loyang'anira atsikana. Makomiti amenewa asamasankhidwe mwachibwana kapena kusiyidwa kwa abale a mfumu. Ndalama zimene boma limatumiza zotukulira sukulu zilembedwe pachipupa, aliyense aone zimene zalowa ndi zimene zagulidwa. Kuyambira 2014 tili ndi makhansala, titakhala zaka zisanu ndi zinayi opanda, ndipo sukulu za pulayimale zili m'manja mwa makhonsolo. Khansala afunsidwe pamaso pa anthu. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Tiligwiritse ntchito pofunsa kuti kontirakitala wa mdadada wosatha uja adalipidwa zingati. Ndipo m'sukulumo ana asankhe okha atsogoleri awo, achite mitsutso, aphunzire kufunsa mwaulemu koma mosaopa, pakuti kuongola mtengo ndi uli waung'ono.

Wofuna voti akadzabweranso m'mudzi mwanu ndi nyimbo ndi nsalu, muimitseni asadayambe kulonjeza. Mufunseni kuti pa sukulu ya pafupi pali ana angati ndi aphunzitsi angati. Mufunseni kuti ndi ana angati a m'deralo amene adapita ku sekondale chaka chatha, ndipo otsalawo ali kuti. Mufunseni kumene ana ake amaphunzira. Akalephera kuyankha, ndiye kuti sakudziwa dera limene akufuna kuliimira, ndipo voti yanu asaione.